Laputopu ya pa Nkaya ndi Chala cha Amayi

Ndinatsimikiza zopita ku Joni tsiku limene ndinapeza Amayi akusefa madeya kachiwiri kuti mwina mugwa kaufa. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo kwathu ku Nkaya anthu ankathamangira sitima kukagulitsa chilichonse chotsala m'nyumba. Ine ndinagulitsa njinga n'kutsanzika. Amayi sanalire. Anangoti, "Pita, Yusufu, koma usakaiwale swala, uzikapemphera."

Joni sindimuyamikira ndipo sindimunyoza. Ndinagona pansi m'kachipinda ka anthu ambirimbiri, mpaka ndinapeza ntchito yosesa m'shopu ya bambo wina wa ku Pakisitani wokonza makompyuta. Anali wosachedwa kupsa mtima, koma ankandilola kuyang'ana. Tsiku lina kunabwera laputopu imene mabowo ake a USB, aja timalowetsamo fulashi ndi mausi, anali atasiya kugwira ntchito. Ine pofuna kuonetsa changu ndinatola sikuludiraiva kuti ndiitsegule. Bwanayo anandimenya padzanja. Analumikiza foni yake pabowo limodzi, foniyo n'kuyamba kutchaja. Anandiuza kuti ngati moto ukutuluka, bowo silinafe, vuto ndi madalaiva, timapulogalamu timene timauza kompyuta kuti chalumikizidwachi n'chiyani. Tiwiri tikamalimbirana bowo limodzi, kompyuta imangokhala ngati sikuona kanthu. Mbama ija ndimaithokoza mpaka lero.

Kusungulumwa ndiye kunandidya. Idi ina ndinaidya ndekha, buledi ndi tiyi, nditakhala pakatoni. Ndalama zikapezeka ndinkatumiza, zikasowa ndinkachita manyazi ngakhale kuimba foni. Ndikaimba yankho linali limodzi zaka zonsezo: "Tili bwino, mwanangu, tikudya. Iwe gwira ntchito." Ndinkakhulupirira, chifukwa kukhulupirira kunali kosavuta.

Anthu a kumeneko atayamba kuthamangitsa alendo shopu inatsekedwa, ndipo ndinabwera ndi chikwama chimodzi. Kwathu ndinapeza njala ina. Anzanga a pamsika sanandichedwetse. "Che Yusufu, Joni yake iti imeneyi? Ngakhale wailesi palibe?" Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa. Amayi anandilandira manja ali m'chitenje, ndipo ndinkangoti ndi ukalamba.

Patapita milungu ingapo bungwe lina linabweretsa chimanga pasukulu ya kwathu. Lamulo linali loti munthu ajambulitse chala pakamakina kolumikiza ku laputopu, kenako alandire thumba. Anthu anafika m'mamawa, ena wapansi kuchokera m'midzi ya kutali ya kwa Nsamala. Dzuwa linafika pamutu mzere usanasunthe. Kenako akalaliki, mayi wachitsikana wochokera ku Balaka, anaimirira n'kulengeza kuti mabowo onse a laputopu afa, lole ibwerera ndi chimanga, adzabweranso makina akakonzedwa, mwina sabata yamawa, mwina inayo. Kunyumba kwathu ufa unali utatha dzana.

Ndinadutsa pakati pa anthu. "Pepani amayi, mungandilole ndiione?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumasilipasi. "Iyayi, abambo. Katundu wa ofesi ameneyu."

"Sinditsegula. Ndingolumikiza foni yangayi basi."

Analola chifukwa chotopa. Foni inayamba kutchaja, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Ndinawafunsa chimene chinalumikizidwapo dzulo. Anazengereza, kenako ananena motsitsa mawu kuti kumudzi kumene anagawa dzulo kunalibe magetsi, ndiye anthu anapempha kutchaja mafoni. "Munthu wanjala akukupempha moto wokha, ungamukanize bwanji?" Pamapeto pake bambo wina woika nyimbo m'mafoni anaibwereka pang'ono n'kuikamo pulogalamu yake yotsegulira mafoni. Sindinawadzudzule. Kwathu kukaniza munthu moto ndi nkhanza, ndipo inenso ndikanalola.

Ndinapita pamalo pamene kompyuta imaonetsa zida zake zonse. Pamzere wa USB panali tizizindikiro tachikasu, ndipo dalaiva wa pulogalamu ya mafoni ija anali atalanda malo a kamakina ka chala. Ndinayamba kuchotsa mmodzimmodzi. Anthu anali atandizinga, mpweya wawo ndikuumva pakhosi. Mkulu wina wa kumzikiti kwathu, Che Mdala, anaona mizere ikuzimiririka.

"Yusufu, ukufufuta mayina athu iwe. Ukafufuta, utidyetsa ndiwe."

"Mayina sindinawakhudze, Che Mdala. Ndikungothamangitsa alendo osaitanidwa."

Ndinachotsanso pulogalamu ija, kuzimitsa laputopu, kuzula chilichonse, n'kuiyatsa yokha kuti ibwezeretse madalaiva ake. Kenako ndinalumikiza kamakina ka chala kokha. Kanakhala chete kanthawi, mpaka kagetsi kake kanayaka kobiriwira. Akalaliki anaika chala chawo, chithunzi chake n'kutulukira. Azimayi analuluta. Sindibisa, ndinanyada kwambiri, ndipo aja ankafunsa za wailesi ndinawayang'ana mmodzimmodzi.

Mzere unayenda bwino mpaka anafika Amayi. Anatulutsa dzanja m'chitenje, kuika chala chachikulu, kamakina n'kukana. Kachiwiri kanakananso. Ndinaganiza kuti ntchito yanga yabwerera m'mbuyo, koma nditayesa chala changa chinaoneka bwinobwino. Ndipamene ndinagwira dzanja lawo n'kulitembenuza. Nsonga za zala zinali zosalala ngati mpini wakale, mizere yonse itafufutika.

"Amayi, manjawa atani?"

Anayankha ndi mayi amene anali kumbuyo kwawo. "Simukudziwa? Chichokereni inu akhala akuswa miyala kumsewu uko."

Ndinatembenukira kwa Amayi. "Mumati muli bwino."

"Tinali bwino," anatero Amayi. "Ndikanakuuza ukanabwerera usanaphunzire kanthu. Ndiye lero akanakonza ndani?"

Akalaliki anati malamulo amalola chala chilichonse, bola chioneke. Tinayesa chamkombaphala, chinakana. Chapakati chinakana. Dzanja lamanja linatha lonse. Tinayamba lamanzere, limene limagwira mwala pamene linalo likumenya, ndipo linali loipa kuposa linzake. Kanatsala kachala kakang'ono kokha. Ndinakapukuta ndi malaya anga, kukaika pagalasi la kamakina mosamala, ndipo timizere take tinaoneka.

Amayi anaseka. "Kaulesi aka, ndiye kandidyetsa lero."

Thumba ndinasenza ine. Iwo ankayenda patsogolo, akuimika aliyense panjira kumuuza kuti makina a bungwe wakonza ndi mwana wawo wa ku Joni, ndipo polozera kwa ine manja sanawabisenso m'chitenje.