Chipembere Chakana Mwamuna Wochisankhira

Loweruka mwana wanga wamkazi Tadala, yemwe ndi namwino tsopano, adandikokera kumalo osungirako nyama kuti tikaone zipembere. Ine wobadwira ku Balaka, kufupi ndi Liwonde, kudzaonera chipembere ku Amereka!

Mayi wosamalira nyamazo adatiuza kuti zipembere zatsala zochepa chifukwa cha anthu ofuna nyanga, ndiye akuziswanitsa m'makola. Amasunga mbiri ya chilichonse kuti pachibale zisakwerane. Chachimuna tidachionacho adachisankha pakompyuta n'kuchibweretsa pa lole kuchokera kutali. Koma chachikazi sichikufuna n'kumva komwe. Chinzake chikangoyandikira, chimachipitikitsa mpaka kumpanda.

Ndidaseka. Tadala sadaseke.

"Amami," adatero m'Chichewa chake chotsimphina, "nanga lole yanu ifika liti? Sande?"

Manyazi adandigwira. N'zoona, Lamulungu likubwerali ndidali nditaitana mwana wamwamuna wa Mai Zulu, anzanga a kutchalitchi ochokera ku Lusaka, kuti adzadye nafe kunyumba kwathu ku Woodbridge ngati wangodutsa. Ndi mnyamata wachitatu kumuitanira Tadala chaka chino. Chonsecho Tadala ali naye wake, Mateo wa ku Manassas, amene makolo ake adachokera ku El Salvador, ndipo sindinamulolepo kuponda pakhomo panga.

"Ndikapeza mlendo wina patebulo, sindidzabweranso," adatero Tadala, ulendo uno m'Chingerezi kuti ndimvetse bwino.

Chiyambire tsikulo mtima wanga uli m'malere. Makolo anzanga, tisanamizane. Tikatuluka m'tchalitchi, timakambirana chiyani poimika magalimoto paja? Si mwana wa uje wamaliza sukulu, wa uje sanakwatire? Mbiri ija nafe timaisunga, kungoti ili m'mutu.

Osamalira zipembere ndikuwamvetsa, nyamazo zikuthadi. Nanga ife tikutha? Ndikadzifunsa moona, chimene ndikuopa ndi mdzukulu amene sadzatha kundipatsa moni. Komatu Tadala, bambo Mmalawi, mayi Mmalawi, amandiyankha m'Chingerezi. Ameneyo adamulera ndi Mateo?

Dzulo ndidawaimbira Mai Zulu kuti mwana wawo asabwere.

"Iwe, uzavutika na azimpongozi osamvana nao," adatero, n'kudula foni.

Mwina ndidzavutikadi, ndipo mantha ndili nawo. Komabe ndidamulembera Tadala kuti abwere naye mnzakeyo. Uthenga waona, koma mpaka pano sanayankhe. Inu amene mudadutsamo, tandiuzani: kodi ndachedwa?