Kuperekeza Bambo ku Mlatho wa Njanji

Tinanyamuka ku Bembeke sikisi koloko m'mawa, nkhungu itakuta mapiri, bambo anga atavala majekete awiri. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo Lolemba lotsatira amakachitidwa opaleshoni.

"Ndikaone kaye mlatho wanga," anatero. "Za mpeni wa dokotala sitidziwa."

Ali mnyamata ankapaka penti milatho ya njanji kuchigwa, koma ine, mwana wawo wachisanu, ndinali ndisanapondeko.

Njinga zamoto zinatitula pa Masasa, pomwe tinakwera minibasi yotsika Khwekhwerere, K5,000 munthu mmodzi, matumba a kachewere ali kunsi kwa mipando. Pakona iliyonse mayi wina kumbuyo amaitana Mariya Woyera.

"Amayi, asiyeni apumeko," anatero kondakitala. "Makona akadalipo ambiri."

Pofika pa Golomoti cha m'ma naini, majekete onse anali m'manja mwanga. Tinadya chinangwa chophika ndi tiyi, n'kukwera lole yolowera ku Mtakataka. Tinatsikira panjira, kwinako tinayenda wapansi.

Mlathowo tinaupeza uli phee pamwamba pa mtsinje, zitsulo zitachita dzimbiri. Chapafupi magalimoto amadutsa pa mlatho wa msewu. Bambo anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndikungoona mdima wautali," anatero chapansipansi.

 Ndinangowagwira dzanja n'kuliika pachitsulo. Zala zawo zinayamba kuyenda pa mitu ya misomali, umodziumodzi, nkhope n'kumasuka.

"Izi anamanga ine ndisanabadwe, nthawi ya atsamunda, njanji ikupita ku Salima. Akuluakulu ankatiuza kuti msomali uliwonse ankauotcha mpaka kufiira, wina n'kuuponya m'mwamba, mnzake n'kuuwakha ndi chitini. Ukaphonya, thawa!"

Akufotokoza choncho, panatulukira mkulu wina akukankha njinga ya nkhuni.

"Inu, mukusisita chitsulo cha boma ngati mkazi wanu bwanji?"

Bambo anatembenuka msanga. "Mawu awa ndikuwadziwa. A Lufeyo?"

Njinga inagwa, nkhuni mbwee! "A Damiano! Muli moyo?"

Anakumbatirana, kuseka mpaka kutsokomola. A Lufeyo, omwe ankagwira nawo ntchito, anandiuza za tsiku lomwe bambo, akulendewera pachingwe, anagwetsera chitini cha penti pa chipewa cha kapitawo.

"Chinapulumuka chokha m'manja," anatero bambo.

"Bodza! Munayeza kawiri!"

Anatitengera kwawo, akazi awo n'kutiphikira mpunga ndi chambiko. Tinatsanzika dzuwa litapendeka, thumba la mango lili pamutu panga.

Pokwera Khwekhwerere bambo amaimba nyimbo ya antchito anjanji, kondakitala akuvomera osadziwa mawu ake. Moyo wanga wonse ndimawadziwa ngati mlimi wa kachewere wofatsa, wosaphonya Misa. Madzulo amenewo ndinakhala pampando umodzi ndi mnyamata wosamva yemwe ankabisala mwa bambo anga, ndipo ndinamukonda kwambiri.