Ndinatseka pakamwa pulogalamu yomwe inkandichenjeza

Inu owerenga, ndinamulakwira munthu chifukwa chofuna kuoneka katswiri, ndipo mpaka lero ndikamuona pamsika wa Chonde ndimafuna kukhotera kuseri kwa mashopu.

Alamu anga ali ndi situdiyo yojambula mavidiyo a maukwati. Nditabwerako ku sukulu ya makompyuta ku Blantyre, ndinawalembera kapulogalamu kowachepetsera ntchito m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Python. Iko kankatuma pulogalamu ina kuti isamutse mavidiyo kuchoka pa khadi la kamera kupita mu kompyuta, kenako n'kufufuta khadilo kuti likajambulenso.

Pulogalamu yotumidwa imayankha m'njira ziwiri: ina imanena zimene yachita, ina imadandaula zinthu zikavuta. Madandaulowo ankadzaza sikirini ndi timalemba tambirimbiri, alamu n'kumandiseka kuti, "A sukulu, mwatibweretsera nyerere kodi?" Zinandiwawa. M'malo mogwira madandaulowo n'kumawawerenga, ndinatseka njira yake. Ngakhale nambala imene yotumidwayo imabweza posonyeza kuti yakwanitsa kapena yalephera, sindinaisamale. Ndinangolamula kuti pamapeto pazituluka mawu akuti "Zatheka". Sikirini inayera, ine n'kumayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako tinajambula ukwati wa mtsikana wina wa ku Chinakanaka, dzina lake Esinala. Bambo ake, okalamba komanso odwaladwala, anadzuka pampando n'kuvina tchopa anthu akululutira, atatero anamudalitsa mwana wawo m'Chilomwe. Titabwerera ku situdiyo, kompyuta inali itadzaza. Yotumidwa ija inadandaula kuti malo atha, koma inkadandaulira komwe ndinatseka kuja. Panatuluka "Zatheka", khadi n'kufufutidwa, ndipo tinajambulirapo ukwati wina.

Pasanapite nthawi bambo aja anamwalira. Maliro atatha, Esinala anabwera kudzatenga vidiyo yake. Alamu anafunafuna, osaipeza. Ine nditatsegula kapulogalamu kanga ndinauona mzere wotseka madandaulo uja, umene ndinalemba ndi manja angawa. Alamu anati mwina ndi vayirasi, ndipo ine, wamantha ine, ndinavomereza.

Esinala sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Achimwene, zithunzizo zisiyeni. Mawu okha a ababa sangapezeke?" Ndinakhala pa kompyuta n'kumanamizira kuwafufuza, ndikudziwa kuti sapezeka.

Inu amene mumalemba mapulogalamu, ndakupemphani, mukatuma pulogalamu ina gwirani zonse zimene yabweza, zokoma ndi zowawa zomwe. Onani ngati yakwanitsadi musanafufute kanthu, chifukwa madzi akatayika saoleka. Ndipo zikavuta, ululani pomwepo. Alamu ndinadzawauza zoona patapita nthawi, koma Esinala ayi, ndipo tsiku lililonse likadutsa pakamwa pamalemera kuposa dzulo.

Sabata yatha Esinala anandipeza ndisanabisale. Ananyamula mwana kumbuyo, amene anamutcha dzina la agogo ake aja. Anandigwira dzanja n'kuuza mnzake amene anali naye kuti, "Awa ndi aja anayesetsa kundifunira mawu a ababa. Ndi munthu wabwino."