Lamba wa Miyala Yakumwamba

Ndinali Fomu Wanu pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Kasinje. Ndinkakhala pa desiki yakumbuyo, kukhoma, poti sindinkakonda kuonekera. M'mawa umenewo m'mimba munkandipota, ndipo pamene aphunzitsi a jogalafe ankalowa, ndinamva kunyowa pa siketi. Ndinadziwa chimene chachitika. Azakhali anali atandilangiza kale, koma nsalu ndinali nditaisiya kunyumba, ndipo siketi ya yunifolomu yathu ndi yotuwa, yosabisa kanthu.

Aphunzitsiwo anali aamuna. Ankaphunzitsa za miyala ikuluikulu imene imazungulira dzuwa pakati pa mapulaneti awiri, Mazi ndi Jupita. Anati mwala wotere amautcha asiteroidi, ndipo dera limene imayendamo amalitcha lamba, chifukwa miyalayo inazinga dzuwa ngati lamba m'chiuno. Mnyamata wina anafunsa kuti anthu amaitulukira bwanji poti ili kutali.

"Amajambula thambo, n'kudikira, n'kujambulanso," anatero aphunzitsi. "Nyenyezi zimakhala pomwe zinali. Kadontho kamene kasuntha, ndiye kagwidwa. Akakatsatira kwa nthawi, amadziwa njira yake yonse."

Ndinati mumtima: sindisuntha mpaka onse atuluke. Ndinkakumbuka mnzanga wa ku pulayimale amene anadetsapo diresi. Anyamata anamukuwiza kuti "wapita kumwezi!" mpaka kumsewu, ndipo sanabwerenso kusukulu. Ndinkadziwa kuti nanenso sindingabwerere.

Koma aphunzitsi anati tonse tipite pabwalo, zikwama tisiye. Ndinatuluka pomaliza, cham'mbali ngati nkhanu, n'kukatsamira khoma. Iwo anajambula mizere yozungulira pamchenga ndi kamtengo. Anasankha wokhala dzuwa, wina Mazi. Jupita anakhala mtsikana wamtali wa netibolo, wamawu aakulu, amene ndinkamuopa ndipo ndinali ndisanalankhulepo naye.

"Iwe wachetewe, wogwira khomawe, bwera ukhale asiteroidi," anandiitana aphunzitsi.

Ndinafika pa mzere wanga manja ali kumbuyo. Anyamata anali ataima mbali ya kutsogolo kwanga. Kuzungulira kunali kuwapatsa msana.

"Yamba, mwala suima," anatero aphunzitsi.

Sindinasunthe.

"Sala, mwala wanuwu wamera mizu!" anakuwa mnyamata wina, onse n'kuseka.

Mzere wa Jupita unali kumbuyo kwa wanga. Ndinamva mtsikana uja akusendera, kenako anaima. Ndinadziwa kuti waona. Ndinatseka maso kudikira mawu ake aakulu aja.

"Sala, pepani. Mwati mwalawu umakhala mu lamba? Nanga lamba wake ali kuti? Inu mukufuna ayende opanda lamba?"

Anavula juzi yake n'kundimanga nayo m'chiuno, mfundo kutsogolo, thupi la juzi likulendewera kumbuyo. Anamanga molimba mpaka ndinabanika.

"Jupita wayamba usilu!" anatero anyamata, akumuseka iyeyo.

"Usilu ndi wako, mutu ngati chipanda," anayankha. "Komanso sala, mwati miyalayi ndi yambirimbiri. Ayenda yekha bwanji? Atsikana, tabwerani kuno!"

Atsikana anabwera n'kundizinga, ena kutsogolo, ambiri kumbuyo. Aphunzitsi anatiyang'ana pang'ono, kenako anayang'ana pamchenga.

"Jupita akunena zoona," anatero. "Ndipo amaikoka ndithu miyala imeneyi. Tiyeni, zungulirani."

Ndinayenda. Pa phazi lililonse ndinkaganiza kuti juzi yamasuka. Titadutsa pamaso pa anyamata ndinagwira mfundo ija ndi manja onse awiri. Mnyamata wa mizu uja anatsegula pakamwa, koma anangoti miyala ina ikuyenda ngati abakha.

"Osathamanga," Jupita anandinong'oneza tikudutsana. "Mwala umatenga zaka kuzungulira kamodzi. Pa buleki undidikire, ndili ndi nsalu m'chikwama."

Mpaka lero sindidziwa ngati aphunzitsi anazindikira, ndipo ndikakumana nawo ndimayang'ana pansi. Masana amenewo ndinachapa juzi ija kumjigo, ndinaiyanika kuseri kwa nyumba. Kutacha manja a juziyo anali asanaumitsitse, koma ndinaipinda choncho, ndinaiika m'chikwama, n'kunyamuka kupita kusukulu.