Mawu a Bambo pa Mkuyu wa ku Dimba

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinaperekeza amayi ku Golomoti kukaona dimba lathu lakale. Njira ija madzi osefukira anaifafaniza, moti tinasochera m'mabango. Ndiye ndinatsegula pulogalamu ya pafoni imene anthu akuno amaikamo njira ndi mbiri ya malo. Ukaloza kamera kutsogolo, pamaoneka kamuvi kokulondolera.

Kamuviko kanatifikitsa pa mkuyu uja tinkapumirapo pochokera kopirikitsa mbalame mumpunga. Pafoni panatuluka chizindikiro, ine n'kudina. Anali mawu a malemu bambo. Kani anajambulitsa asanayambe kudwala, osauza munthu.

Akuti, "Mukafika pamkuyu pano mukhotere kumanzere. Ana anga anakulira pamthunzi umenewu, chonde musaudule." Kenaka kuseka kwawo kuja.

Amayi anakhala pansi, pamuzu. Anangoti, "Bwerezanso, mwana wanga." Ndinabwereza mpaka foni inatsala pang'ono kuzima. Kudimba sitinafikeko.

Pobwerera anandiuza kuti sakufuna amuna awo azilankhula ndi wodutsa aliyense kutchire, ndikapemphe kuti mawuwo achotsedwe. Ine mtima ukukana, koma mkazi wa bambo ndi iwowo. Achimwene ndi achemwali, mukuti bwanji?