Dzina Limene Linayenda Kundiposa

Tsiku limene ndinaganiza zopita ku Amereka, mkazi wanga Esinati anali ndi pathupi, ndipo denga lathu ku Lizulu linkadontha pamutu penipeni pa bedi. Msuweni wanga wokhala ku Lanham, ku Amereka komweko, anandipezera njira. Ndinauza Esinati kuti ndikakhala zaka ziwiri basi. Iye anangoseka.

Ntchito ndinaipeza ku Greenbelt, yosamalira mkulu wina wachijeremani, a Heinrich, amene paunyamata wawo ankagwira ntchito yoona za nyenyezi. Masana ena chipale chikugwa mwakachetechete pawindo, anandifunsa dzina langa lenileni, poti onse ankangonditchula Henry.

"Ndine Henrique. Bambo anga anali a ku Mozambiki."

Maso awo anawala. "Ndiye kuti ndiwe mnzanga wa dzina! Linabadwira kwathu limeneli. Ku France amati Henri, ku Spain Enrique, Apwitikizi analikweza sitima mpaka kwanu. Tanthauzo lake ndi wolamulira pakhomo."

Mawu amenewo ndinawasunga ngati mbewu. Ndikamawasambitsa a Heinrich, mtima unkakhala ku Lizulu. Ndinkaona nyumba ya malata, ine nditakhala pakhonde, mwana wanga wamkazi Tadala, amene ndinali ndisanamuonepo, akuthamangira pamiyendo yanga. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, pamodzi ndi makaseti a mawu anga. Koma kusungulumwa kunkandidya. Lamlungu pochoka kutchalitchi ndinkalira m'basi, bambo wamkulu ndevu pepeya.

Zaka ziwiri zija zinabereka zina. A Heinrich atamwalira, ndinanyamuka kubwerera kwathu.

Nyumba ndinaipeza yokongola kuposa ya m'maloto. Esinati anali ataimanga bwino, atabzalanso mitengo ya mapichesi. Anandiphera nkhuku. Tadala, wa sitandade wani tsopano, anagwada nandithirira madzi osamba m'manja. Anandipatsa mpando wabwino, mbale zatsopano zochokera m'kabati. Ndinadya ndekha, iwo akudyera kukhitchini, kuseka zawozawo. Mbuzi itathyola khola, palibe anandiitana. Ngakhale khasu sindinkadziwa pamene limakhala.

Ndinadzitonthoza kuti umenewo ndi ulemu woyenera wolamulira pakhomo.

Mmawa wina ndikumeta ndevu kuseri kwa nyumba, ndinamva Tadala akunong'ona kwa amayi ake:

"Amayi, kodi alendowa apita liti?"

Lumo linandigwa m'manja. Paja amati mlendo ndi mame. Ndinapukuta sopo kumaso, ndinalowa kukhitchini, ndinakhala pansi pafupi naye.

"Tadala, tandionetsa pamene pamakhala khasu."