Kwaya Yomvera Phazi la a Telala

A Telala anayamba kuphunzitsa kwaya tsitsi lawo likadali lakuda bii, koma palibe anawaonapo akukupiza manja ngati aphunzitsi anzawo. Manja amakhala pansalu, mapini kukamwa. Oimba amabwera masana m'kashopu kawo, a sopulano n'kukhala pabenchi ya makasitomala, a besi n'kuima pakhomo kutsekereza kuwala. Nyimbo imayendera phazi la a Telala pamakina osokera. Akaponda mofatsa, kwaya imafatsa. Mwini diresi akaima panja nkhope ili gwaa, ngakhale nyimbo ya maliro imatuluka yovinika.

Ndiye mwana wawo wamkazi womaliza anapeza banja. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti polowa m'holo amuimbire ndi kwaya ya bambo ake. Akuchimuna, anthu a masuti, ankafuna nyimbo za pasipika, ndipo anavomera monyinyirika kuti sipikayo ingodikira pakona, mwina kwaya n'kulephera.

Kutatsala tsiku limodzi, anakayeserera m'holomo. A Telala anaima kutsogolo n'kukweza manja ngati munthu wogwidwa ndi apolisi. A sopulano anathamanga mpaka kumapeto a besi akadali pamzere woyamba. A aluto anangoisiya panjira n'kuyamba kukambirana nsapato za mkwatibwi. Atabwereza, zinanyanya.

"Bambo, manjawo tsitsani, akutisokoneza," anatero mayi wa aluto wogulitsa mazira. "Ife timamva phazi."

Kunyumba, a Telala atatchula zotengera makina kuholo, akazi awo anakanitsitsa. Makina pa ukwati wa mwana wawo? Anthu adzati banja lonse labwera kudzasaka makasitomala. A Telala maganizo anali pa sipika ija.

M'mawa a besi ananyamula makinawo n'kuwabisa kumbuyo kwa kwaya, atawafunditsa nsalu yoyera ndi maluwa pamwamba. Poti phazi la a Telala siliyenda popanda chosoka, anaikapo thalauza lakale. Mkwatibwi atangoonekera pakhomo, makina anayamba kwetche kwetche, ndipo kwaya inalowa pamodzi ngati pakamwa pamodzi.

Azakhali a mkwati, mayi wa makutu akuthwa, analondola kaphokosoko mpaka anasuzumira kuseri kwa maluwa. A Telala mtima unaima, koma phazi silinaime.

"Asewere," ananong'ona azakhaliwo, "poti mwayamba kale, jekete la mkwati lang'ambika m'khwapa."

Jeketelo linafika pamakina, koma m'khwapa simusokedwa mothamanga. A Telala anafatsa, kwaya inafatsa, mkwatibwi nayenso anafatsa, akuyenda ngati mfumukazi, alendo ataima kumujambula. Kutsogolo mkwati ankadikira ali m'malaya okha. A Telala atadula ulusi ndi mano, nyimbo inathera pomwepo, mwana wawo atafika, akuseka misozi ili mbwee. Wa sipika anakulunga mawaya ake n'kupita kukafuna mpando.